Mkaka wa ng'ombe za malume ndi kabokosi koyezera mpweya wa m'kamwa

Malume anga ali ndi ng'ombe kumudzi, kamtunda ndithu kuchoka pa Ngabu polowera kumtsinje. Dzinja likafika msipu n'kuchuluka, mnyamata woweta amatibweretsera mkaka panjinga m'kachigubu ka malita asanu, mmawa dzuwa lisanapse. Mayi akunyumba amauwiritsa, ana n'kumaumwa ngati madzi. Ine ndikamwa kapu imodzi yaikulu, pofika masana mimba imakhala itatupa ngati ng'oma, ikulira, ndipo ntchito ya mafoni a anthu ndimaigwira nditawerama. Kwa zaka zambiri ndinkanamizira nyemba. Kenako ndinkati ndi madzi amchere a pamjigo, poti kuno kuchigwa mijigo yambiri madzi ake ndi olawa mchere. Mkaka sindinkaufuna kuuganizira, chifukwa kukana mkaka wa malume kuli ngati kukana dzanja lawo.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, mawailesi ndi zida za sola. Madzulo ndikatseka shopu ndimaseweretsa Arduino, kabolodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono komwe umalumikizako zida zina, ndipo ndi m'masewero amenewa momwe ndinakumana ndi nkhani yoyeza haidrojeni mu mpweya womwe munthu amatulutsa. Chinandigwira mtima n'chakuti thupi la munthu palokha silipanga haidrojeni. Amene amapanga ndi mabakiteriya a m'matumbo aakulu. Shuga wina akalephera kugayidwa kumtunda, amatsetsereka mpaka kukawapeza, iwo n'kumuwiritsa monga momwe chimera chimachitira ndi thobwa. Mpweya wotuluka pamenepo wina umalowa m'magazi, magazi amakautula kumapapo, ndipo umatuluka pakamwa. Shuga wa mu mkaka dzina lake ndi lakitozi, ndipo chomugaya m'matumbo aang'ono ndi lakitezi, yemwe anthu ambiri padziko lino amachepa m'thupi akasiya kuyamwa. Ndinati ngati zili choncho, ndiye kuti yankho la mimba yanga likutuluka pakamwa panga tsiku ndi tsiku, chongosowa ndi choliwerengera.

Ndisanafike pa masensa, tizida tonunkhiza mpweya, nambala imodzi ndiyofunika kuigwira, chifukwa ine ndinaidumpha ndipo ndinataya nayo miyezi iwiri. Haidrojeni wa mu mpweya wa munthu amayezedwa mu ppm, kutanthauza magawo angati mwa magawo miliyoni. Mpweya wapanja uli ndi pafupifupi theka la ppm imodzi. Munthu amene wagona ndi njala usiku wonse nthawi zambiri amatulutsa ma ppm ochepa, osafika 20. Akatswiri a matenda a m'mimba a ku North America anagwirizana mu 2017 kuti munthu asale kudya maola 8 mpaka 12, amwe magalamu 25 a lakitozi, ndipo ngati haidrojeni akwera ndi 20 ppm kapena kuposa pamwamba pa muyezo woyambira, ndiye kuti shugayo sakugayidwa bwino. Nthawi zambiri nkhani yonse imakhala pakati pa 0 ndi 100 ppm, ndipo chomwe ukusaka ndi kusiyana kwa 20.

Ine ndinakwera minibasi, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kukwera phiri la pa Thabwa, ndipo m'shopu ina ya zamagetsi mumzinda ndinagula MQ-8. Aliyense akafunsa za sensa ya haidrojeni pa intaneti, dzina loyamba kutuluka ndi limeneli. Ndi yotchipa, ili kale pa kabolodi kokhala ndi mapini anayi, ndipo mumangolumikiza mawaya atatu ku Arduino basi. Usiku womwewo ndinaipumira, nambala pa sikirini inalumpha, ndipo ndinasangalala kwambiri. Mmawa mwake ndisanadye kanthu ndinaipumiranso, inalumphanso chimodzimodzi. Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anaipumira, inalumpha. Ndinatenga kapu ya madzi otentha n'kuisendeza pafupi kuti nthunzi iikhudze, inalumphabe. Apa m'pamene ndinatsegula datasheet, pepala la opanga lomwe ndinayenera kuyamba nalo. MQ-8 imayamba kuwerenga pa 100 ppm kupita m'mwamba. Anaipangira kulondera malo omwe haidrojeni angathe kudontha n'kuyambitsa moto, ndipo haidrojeni amayaka akafika 4 peresenti mu mpweya, omwe ndi 40,000 ppm. Sensayo inalibe vuto lililonse. Ndinatenga sikelo yoyezera matumba a thonje kuti ndiyezere mchere wa mu ndiwo.

Mmene imagwirira ntchito zimafotokoza chifukwa chake nthunzi inkaisuntha. Mkati mwa kaukonde kachitsulo kovindikira sensayo muli kachubu kopakidwa mankhwala otchedwa tin dioxide, ndipo pakati pake padutsa kawaya kotenthetsa. Kakatentha, okosijeni wa mu mpweya amamatirira pamwamba n'kugwira maelekitironi, choncho magetsi amadutsa movutikira. Mpweya uliwonse wotha kulanda okosijeniyo ukafika, maelekitironi amamasuka, magetsi n'kudutsa mosavuta. Haidrojeni amatero, koma mowa nawo umatero, gasi wophikira amatero, carbon monoxide wa pambaula amatero, ndipo chinyezi chimasokonezanso. Mpweya wa m'kamwa umatuluka wofunda pafupifupi madigiri 34 ndipo umakhala wodzadza ndi chinyezi. Zithunzi za mu datasheet anazijambula pa madigiri 20 ndi chinyezi cha 65 peresenti. Madigiri 20 amenewo kuno timawaona m'bandakucha wa Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba. Okutobala ndi Novembala m'shopu yanga ya malata kutentha kumadutsa 40. Palinso nkhani ya kawaya kotenthetsa kaja: kamadya pafupifupi mamiliampu 150 osalekeza, ndipo opanga amati sensa yatsopano iyake maola oposa 24 isanayambe kudalirika. Magetsi akazima pakati pa usiku, mmawa umapeza muyezo woyambira wasuntha.

Sindinafulumire kutaya mtundu umenewu wa masensa. Kampani ya Figaro ya ku Japan, yomwe masensa ake amayamba ndi zilembo TGS potengera dzina la Naoyoshi Taguchi amene anayambitsa luso limeneli, ili ndi TGS2600, yomwe datasheet yake imati imamva haidrojeni kuyambira 1 mpaka 30 ppm. Pa mlingo pokha, imeneyi ili pamalo pake. Koma anaipangira kununkhiza mpweya woipa m'nyumba, ndiye imamva mowa ndi utsi mwachangu chomwecho. Palinso SGP30 ya Sensirion ya ku Switzerland, kachipu kakang'ono komwe kamatulutsa nambala ziwiri zosakonza, ina ya haidrojeni ina ya mowa. Nambala zimenezo si ppm, uyenera kuzimasulira wekha. Maganizo anga ndi akuti munthu wofuna kuphunzira, wokhala ndi nthawi ndi chipiriro, atha kuyamba ndi TGS2600 n'kuumitsa mpweya usanafike pa sensa, ndipo adzaona kukwera ndi kutsika. Koma ine ndinkafuna nambala yoti ndiiyerekeze ndi 20 uja.

Zida za kuchipatala zonyamula m'manja, monga Gastrolyzer ya kampani ya Bedfont ya ku England yomwe imawerenga kuchokera 0 mpaka 500 ppm, zimagwiritsa ntchito sensa ya mtundu wina, ya electrochemical. Imeneyi ilibe chotenthetsa. Ili ngati kabatire kakang'ono kokhala ndi madzi a asidi mkati. Haidrojeni akalowa pa kansalu ka pamwamba n'kufika pa elekitirodi, amasweka n'kupereka maelekitironi, ndipo magetsi otuluka amakula molingana ndi kuchuluka kwa haidrojeniyo, mzere wowongoka. Vuto n'lakuti magetsiwo ndi ochepetsetsa, ma nanoampu pa ppm iliyonse, ndipo mita yanga ya pabenchi singawaone. Pamafunika kachipangizo kapadera kowakulitsa, komwe ena amakamanga ndi chipu cha LMP91000 cha Texas Instruments. Ndinayang'ana kukula kwa chipucho, ndinayang'ana nsonga ya chowotcherera changa, ndipo ndinasankha kugula bolodi yomangidwa kale. Ndinatenga ya DFRobot ya mndandanda wa Gravity, ya haidrojeni, yowerenga 0 mpaka 1000 ppm mosiyanitsa ppm imodzi imodzi, yoyezedwa kale kufakitale. Ndikanakonda ikanakhala ya mlingo wocheperapo, chifukwa ine ndimagwira ntchito kumunsi kwenikweni kwa mlingo wake, komwe kulakwitsa kwa ppm zingapo kumaoneka. Koma ndi imene dzanja langa linafikira. Ndinagulitsa mbuzi imodzi n'kuwonjezerapo, msuweni wanga wa ku Johannesburg anaitanitsa, ndipo inafika pabasi itakulungidwa m'malaya a ana.

Sabata yoyamba inandizunguza mutu. Mmawa sensa ili phee pa 0 kapena 1. Kuyambira cha m'ma 11 koloko, popanda aliyense woipumira, nambala inkakwera yokha, 6, 11, mpaka kupitirira 20, kenako madzulo n'kutsika. Ndinaganiza kutentha. Ndinakulunga kabokosi ka sensayo ndi kansalu konyowa, palibe chinasintha. Ndinaganiza utsi wa minda ya nzimbe ikamawotchedwa, koma tsiku lopanda utsi zinachitikanso. Ndinafika poganiza kuti mbuzi yanga yapita pachabe. Tsiku lachisanu ndikufuna sikuludiraiva yomwe inagwera pansi pa benchi, ndinagwada, ndipo khutu langa linamva kaphokoso ngati ka mowa wa masese ukuwira mumtsuko. Linali batire la sola, lija la asidi lokhala ndi zitsekero zisanu ndi chimodzi, lomwe lakhala pansi pa benchi zaka zitatu. Batire lotere likadzadza koma panelo n'kumalikankhirabe moto, madzi a mkati amasweka n'kutulutsa haidrojeni ndi okosijeni. Dzuwa la masana la kuno silichedwa kulidzadza. Ndinanyamula kabokosi n'kukaimika pansi pa mtengo wa nimu panja, nambala inatsikira pa 0. Ndinakabweza n'kukasendeza pa zitsekero za batire, inathamanga kupitirira 200. Sensa inkanena zoona masiku onse asanu aja. Madzulo omwewo ndinasamutsira batire pakhonde pomwe pamapita mphepo, ndipo kuyambira pamenepo kasitomala aliyense amene ndikamuikira sola ndimamuuza kuti batire lisagone m'chipinda chotseka pamodzi ndi koloboyi.

Mdani wachiwiri ndi mbaula. Masensa a haidrojeni a mtundu umenewu amamvako carbon monoxide, ndipo munthu amene wakhala pa utsi wa makala kapena wosuta fodya amakhala naye mu mpweya wake kwa maola. Choncho tsiku loyeza sindiyandikira kukhitchini, ndipo kabokosi kamakhala kutali ndi moto.

Ndinafunabe kudziwa ngati 20 wa pa sikirini ndi 20 weniweni. Gasi woyezera wa m'mabotolo kuno n'kosatheka kumupeza, ndiye ndinapanga wanga. Ndinaswa mabatire awiri akale a tochi n'kutulutsa timitengo takuda ta pakati, ndinatitsuka, n'kutiviika m'kapu ya madzi osungunuliramo soda wophikira therere. Mchere musayerekeze, umatulutsa klorini yemwe ndi poizoni. Nditalumikiza ku batire laling'ono, thovu linayamba kutuluka mbali zonse ziwiri, ndipo la ku waya wa negativi ndiye haidrojeni. Ndinalikola m'sirinji yozondotsa yodzadza madzi. Masamu ake ndi osavuta: mililita imodzi ya haidrojeni mu ndowa yotseka ya malita 20 imapereka 50 ppm, ndipo 0.4 ya mililita imapereka 20 ppm. Ndinayamba ndayeza ndowayo ndi madzi kuti ndidziwe kukula kwake kwenikweni, ndinaikamo sensa ndi kafani ka kompyuta kosakaniza mpweya, ndinamata chivindikiro ndi tepi, n'kubaya pa kabowo. Ndinabwereza katatu ndi mililita imodzi, ndipo ndinapeza 43, 45 ndi 44. Sizinafike 50, ndipo sindidabwa, chifukwa m'sirinji mumalowa kampweya kena ndi chinyezi, komanso haidrojeni ndi wopyapyala moti amapeza potulukira paliponse. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti manambala atatuwo anali pafupi, ndipo nditabaya theka ndinapeza pafupifupi theka. Zonsezi ndinachitira panja, kutali ndi moto, ndipo sindinapange haidrojeni woposa wodzadza sirinji imodzi.

Kapumidwe nakonso kali ndi mwambo wake. Mpweya woyamba kutuluka, pafupifupi mamililita 150, ndi wongokhala pakhosi ndi m'mipope, sunafike komwe magazi amasinthira mpweya. Wofunika ndi wakumapeto. Ndimapuma mwachizolowezi, ndimaugwira masekondi 15, ndimatulutsa pang'onopang'ono theka loyamba pambali, lotsalalo n'kuuzira m'thumba. Baluni ndinaisiya chifukwa haidrojeni amadutsa pa labala. Ndimagwiritsa ntchito thumba lonyezimira lija la mkaka wa ufa, lotsukidwa bwino, lomwe ndinamatapo kapaipi. Kuchoka m'thumba mpweya umadutsa m'chubu momwe ndinathiramo timibulu toumitsa tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni atsopano, kenako makala a ku famase omwe amagwira mowa ndi fungo lina koma haidrojeni amawadutsa. Ndimafinya thumba mofatsa kwa mphindi ziwiri, chifukwa sensa imeneyi siyankha msangamsanga, imakwera pang'onopang'ono kenako n'kuima. Mukangouzira kamodzi pamwamba pake ngati mukuzimitsa kandulo, mupeza nambala yochepa yonama, ndipo chinyezi chidzakhala mame pa kansalu kake.

Tsiku loyeza linali Lamulungu la mu Julayi. Dzulo lake ndinadya nsima yoyera ndi nsomba yokha, popanda nyemba, khobwe, nandolo kapena masamba, chifukwa zimenezi zili ndi mashuga omwe aliyense sagaya ndipo zimakweza haidrojeni mpaka mmawa. Panali patadutsa mwezi ndisanamwe mankhwala opha mabakiteriya, zomwe n'zofunika chifukwa mankhwalawo amapha omwe akupanga haidrojeniwo. Ndinatsuka mkamwa, ndinayeza 6 koloko, inati 4. Mkaka wa ng'ombe uli ndi lakitozi pafupifupi magalamu 5 pa mamililita 100, ndiye theka la lita likufika pafupi ndi magalamu 25 aja. Ndinamwa wowiritsa wozizira. Kuwiritsa kumapha majeremusi ndipo n'kofunika, koma lakitozi sikumuchotsa. Kenako ndinakhala pampando pansi pa nimu ndi kope, osayendayenda, kuyeza mphindi 30 zilizonse. Inati 5, kenako 9. Pa ola ndi theka inati 21, ndipo nthawi yomweyo mimba inayamba kulira. Pa maola awiri 38, kenako 46, pomaliza 41. Mayi akunyumba anabwera kudzasuzumira kope. Anati, "Ndiye bambo, zaka zonsezi tinkanamizira mjigo?" Ndinati eya, ndi mkaka. Anati, "Nanga malume mukawauza bwanji?"

Malume sindinawauze kuti asiye kutumiza. Lamulungu lotsatira ndinayeza ndi chambiko, mkaka wowawasa womwe mabakiteriya adyako kale gawo la shuga wake, ndipo nambala inakwera pang'ono poyerekeza, mimba osavuta kwenikweni. Kamkaka kochepa mu tiyi pamodzi ndi mbatata sikanandichite kanthu. Anthu ambiri osagaya lakitozi amapirira kapu imodzi yaing'ono, makamaka akamwera pa chakudya. Tsopano kachigubu kakafika, gawo lina timaliika pambali kuti ligone, langa limakhala limenelo.

Anzanga a pa msika atamva, ena anayamba kubwera kuti ndiwayeze. Ndimakana, ndipo ndimakana ndi mtima wonse. Kabokosi kanga kamaona haidrojeni basi. Sikaona njoka za m'mimba, sikaona likodzo lomwe kuno kufupi ndi madambo ndi lofala, sikaona zilonda kapena chotupa. Mkulu wina anabwera ataonda, akuti wakhala akutsegula m'mimba mwezi wathunthu ndipo nthawi zina amaona magazi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, izi si za pa benchi ya mafoni, tiyeni kuchipatala lero lomwe," ndipo ndinamukweza pa kabaza ndekha.

Amene ndinavomera kumuyeza ndi mayi akunyumba okha, chifukwa nawonso mkaka umawatupitsa mimba. Tinatsata zonse monga ndinachitira ine. Manambala awo anali 2, 2, 3, 3, 4, 3, 3, mimba ili ndithu yotupa. Ndinayesa sensa mu ndowa madzulo ake, inali bwinobwino. Ndinabwerera kukawerenga ndipo ndinapeza kuti anthu ena m'matumbo mwawo muli tizilombo tina, monga Methanobrevibacter smithii, tomwe timadya haidrojeni n'kumusandutsa mpweya wina wotchedwa methane. Munthu wotere haidrojeni wake sakwera ngakhale shuga asagayidwe. N'chifukwa chake makina akuluakulu a kuchipatala amayeza mipweya yonse iwiri, ndipo pa methane muyezo womwe anagwirizana mu 2017 ndi 10 ppm. Sindikunena kuti ndi zimene zikuchitika kwa iwo, kabokosi kanga sikangathe kunena zimenezo. Ndinayang'ana masensa a methane otchipa. MQ-4 imayambira m'mahandiredi a ppm, TGS2611 ya Figaro imayambira pa 500. Ulendo uno datasheet ndinaiwerenga ndisanakwere minibasi, ndipo sindinagule.

Sensa ya electrochemical imakhala zaka ziwiri zokha, uigwiritse ntchito kapena ayi, ndipo kutentha kouma kumaumitsa madzi ake a mkati msanga. Chilimwe chikubwerachi ndaichotsa m'shopu ya malata. Ndaiika m'kabotolo kotseka n'kukaimika kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa kunyumba, pomwe dothi lake limakhala lozizira tsiku lonse, ndipo ana ndawauza kuti potunga madzi asakagunde.